Mwana wa ku Likoma Asasoŵe m'Chikhamu

Pamene Yunivesite ya Malaŵi inatsegulidwa ku Chichiri, mu mzinda wa Blantyre, m'chaka cha 1965, ophunzira anali pafupifupi 90. Lero, pokhala ndi Yunivesite ya Mzuzu, imene inayamba kuphunzitsa mu 1999, pamodzi ndi ena, ana athu akuloŵa mwaunyinji. Chimenechi ndi chitukuko, ndipo tiyenera kuthokoza Boma.

Komabe tisabise mawu. Maphunziro amene aliyense ayenera kutenga m'chaka choyamba, monga luso la chiyankhulo ndi kalembedwe, ndiwo maziko. Dokotala, injiniya ndi mlembi wa m'Boma, onse ayenera kulemba lipoti lomveka. Luso limeneli silingaphunzitsidwe kwa khamu lodzaza holo, pakuti mphunzitsi ayenera kuŵerenga ndi kukonza ntchito ya mwana aliyense.

Ife a pa Likoma tidziŵa phindu la sukulu kuyambira 1885, pamene amishoni a UMCA anakhazikika pachilumba pano. Kholo likagulitsa usipa n'kukweza mwana pa Ilala, limayembekeza kuti kutsidyako akafunsa funso adzayankhidwa.

Tsono atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'Boma, limbikirani kuti aphunzitsi awonjezedwe, ndipo makalasi a chaka choyamba agaŵidwe m'timagulu. M'mera m'poyamba.