Nanga Amene Ankachapa Majezi Aja Ndani?

Amayi anzanga, sabata ino ndasiya za kuphika ndi za kusoka. Ndikufuna tikambe za amuna athu aja amene Loŵeruka likakwana, thupi lili pakhomo koma mtima uli kale ku bwalo la mpira.

Mu Meyi 2018 wailesi inalengeza kuti Jack Chamangwana wamwalira ku Blantyre ali ndi zaka 61. Bambo anga anazimitsa wailesiyo, nakhala duu pakhonde mpaka dzuŵa linaloŵa kuseri kwa mapiri a Dedza. Sanagwiranepo naye chanza, koma anamtsata kuyambira ali wotchinga kumbuyo wa Wanderers. Anamvera pa wailesi pamene timu ya Malaŵi inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 pogonjetsa Zambia 3-2, ndiponso mu 1979 pogonjetsa Kenya kwawo komwe. Mu 1984 Chamangwana anali m'gulu limene linapita ku Ivory Coast, ulendo woyamba wa dziko lino ku mpikisano wa maiko a mu Africa, ndipo pambuyo pake anakaseŵera ku Kaizer Chiefs ku South Africa. Koma Bambo ankati chimene ankamlemekezera si zikho ayi. Ankati munthuyo atakula sanauthaŵe mpira: anaphunzitsa anyamata, natumikiranso ku bungwe la FAM.

Polankhula choncho ankadzinena okha. Pa unyamata wawo anali wothamanga wa timu ya m'mudzi mwathu, pakati pa Mua ndi Mtakataka, ndipo ankaseŵera opanda nsapato pa bwalo la fumbi la milongoti ya nsungwi. Bondo litayamba kuvuta anatenga wenzulo, nakhala woyimbira mpira ndiponso mlembi wa matimu a m'dera lathu. Kutentha kwa Okutobala kuno kuchigwa mukukudziŵa, koma iwo ankapalasa njinga mpaka ku Golomoti kukayimbira mpira, malipiro ake madzi akumwa basi.

Anatisiya chaka chatha. Pa maliro panabwera amuna a imvi amene kale anali anyamata awo, ndipo ndiwo ananyamula bokosi. Aliyense woimirira ankasimba za liŵiro lawo ndi chilungamo chawo. Nkhani imene inabwerezedwa katatu ndi ya tsiku limene anatulutsa m'bwalo mwana wawo yemwe, mlongo wanga, chifukwa chopweteka mnzake mwadala. Anthu anaombera m'manja ngakhale panali pa maliro.

Mayi anakhala chete pa mphasa. Patapita masiku, tikukonola chimanga, ndi pamene anandiuza za madzulo a tsiku lija. Mnyamatayo anakana nsima, nanena kuti achoka pakhomo. Bambo nawo anangoti kukamwa tseke. Mayi ndiwo anayenda pakati pa khonde ndi gowelo usiku wonse, uyu kumpepesa, uyo kumdzudzula, kufikira aŵiriwo anasamba m'manja m'beseni limodzi m'maŵa mwake. Chilungamo chimene amuna anachiombera m'manja chija, anachilipira ndi tulo tawo ndi Mayi.

Ndipo sizinali zokhazo. Majezi khumi ndi limodzi ankabwera ali psuu ndi fumbi, ndipo Lolemba lililonse ankachapidwa ndi sopo wa m'nyumba mwathu. Timu ya alendo ikachedwa kubwerera, ufa wochokera m'nkhokwe yathu ndiwo unkavundulidwa. Chaka china Bambo anagulitsa mbuzi nagula mpira wachikopa osafunsa, chonsecho mbuziyo inali ya fizi yanga. Apa Mayi sananyengerere. Anaitana ankhoswe a mbali zonse, ndipo mlandu unagamulidwa motere: Loŵeruka masana ndi la mpira, koma khasu la m'maŵa lisaphonyedwe, ndipo ndalama ya pakhomo isapite ku bwalo popanda mawu a Mayi. Kunena zoona, Bambo anasunga pangano limenelo kufikira imfa, ndipo fizi ija anaibweza pogwira ganyu yoweruka njerwa. Ine pamenepo ndi pamene ndimaonera ulemu wawo, kuposa pa zigoli zimene sindinazione n'komwe.

Ndikudziŵa kuti ena mwa inu muli ndi amuna otere, ndipo mumang'ung'udza ku chitsime kuti mpira wasanduka mkazi mnzanu. Sindikuti muŵaletse. Anyamata amene Bambo ankaŵasonkhanitsa pa bwalo sanali ku moŵa masana amenewo, ndipo Mayi amavomereza zimenezo. Koma kuŵalola si kukhala chete. Nenani msanga malire ake, mbuzi isanachoke m'khola. Ndipo inu a komiti za matimu, ngati mkazi wanu wakuŵerengerani tsamba lino, tsiku lopereka mphatso mudzaitaneko dzina la amene amachapa majezi.

Anyamata a timu anabwera mwezi wathawu kudzapempha wenzulo kuti akasunge ngati chikumbutso. Mayi anaŵapatsa buku lakale lolembamo zigoli, anaŵapatsanso pampu ya mpira. Pa za wenzulo anapukusa mutu. Anati, "Ana anga, chimenecho ndinachigula ndine, ndi ndalama ya mtedza."