Sikono ya ku Mangalande, nanga ufa wake?

Masabata apitawa ndinaitanidwa pa sukulu ina ku Ntcheu, kumene achinyamata ongodzipereka ochokera ku Britain anakonza tsiku loonetsa chikhalidwe cha kwawo. Panali tiyi wa mkaka, masikono, ndi nsomba yokazinga ya tchipisi. Ndinadya mpaka kumasula lamba. Sindikuwanyoza ayi. Bungwe la VSO lakhala likutumiza anthu otere m'maiko osiyanasiyana kuyambira 1958, ndipo ambiri amathandizadi.

Koma alimi anzanga, ine ndinasuzumirako kokaphikira. Masamba a tiyi anali athu omwe a ku Thyolo. Mbatatesi inali ya ku Tsangano. Ufa wa tirigu wokha ndiwo unachokera m'golosale, ndipo tirigu wambiri amene timadya m'dziko muno amachita kuitanitsa kunja. Wolimidwa ku Tsangano ndi ku Neno ndi wochepa zedi. Mayi wa kumudzi akazolowera sikono ya ufa wogula wokhawokha, ndalama ya feteleza idzathera kwa mwini golosale.

Ndiye ndikuti alendo athuwa, asanayatse mbaula, azifunsa kaye zimene zili m'munda. Mbatata yofiira m'kati, mukaiphika ndi kuipota, imalowa bwino m'sikono. Ufa wogula umachepa, ndipo ana amapezamo vitamini A. Nafenso tisamachite manyazi kuwatulutsira zathu.

Ndinamuuza zimenezi mtsikana amene ankakanda ufa. Iye anati mbatata yotereyi anali asanaikepo m'sikono, koma ayesa. Mbatatayo ndikapereka ndine, ya m'dimba mwanga.