Foni ikhale m'thumba, osati pa hendulo

Mnzanga wina amene amapalasa njinga Loweruka lililonse ndi kagulu kake ku Lusaka ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Pa hendulo ya njinga yake panali chinthu chimene ndinayesa foni. Iye akuti ayi, ndi kompyuta ya pa njinga, imaonetsa liwiro, makilomita, mapu ngakhale kugunda kwa mtima. Kenako anandifunsa kuti ine ndigula liti, popeza ndimakhalira pa njinga.

Maso anga sanalakwe kwenikweni. Garmin Edge 1050, imene inatuluka mu 2024, ili ndi sikirini ya mainchi 3.5, kukula kofanana ndi iPhone yoyamba ya mu 2007. Kumapeto kwa chaka chomwecho kampani ya Wahoo inatulutsa Elemnt Ace ya mainchi 3.8. Garmin ija inayamba kugulitsidwa pa madola 700. Kuno ku Lundazi ndalama imeneyo mungagule nayo njinga zatsopano zingapo, zonyamula matumba a chimanga, wodwala ndi mwana wa sukulu.

Sindikunyoza zipangizozi. Batire ya Edge 1050 imakhala maola 20 ikugwira ntchito, sikirini yake imawerengeka padzuwa, ndipo mvula siiopa. Yesani kuyatsa mapu pa foni masana mu Okutobala: foni imatentha ngati chiwaya, sikirini imada, batire imatha musanabwerere. Munthu wochita mpikisano, kapena wopalasa kuchokera ku Chipata kufika kuno tsiku limodzi, ali ndi chifukwa chogulira.

Chimene chimandivuta n'chakuti ubwino wa kachipangizoka unali pa kuchepa kwake. Ena a inu mukukumbukira tija tamagineti pa sipoko, kawaya n'kukwera mpaka pa hendulo. Kabatire kake konga ka wotchi kankatha miyezi, ndipo kakasweka sunkagona ndi njala. Tsopano chakula, chadula, chikufuna kutchajidwa pamene malaiti akuvuta, ndipo ukagwa nacho umayamba kuyang'ana sikirini usanayang'ane bondo. Ukaima pa msika uyenera kuchichotsa n'kuchiika m'thumba. Nanga chikusiyana pati ndi foni?

Ndiye anyamata ena amati basi, tingomangirira foni pa hendulo ndi kachogwirira ka pa msika. Apa m'pamene ndikukana kwambiri, ndipo ndinaphunzira ndi misozi. Foni yanga ndi imene ndimajambulira mawu a alimi ndikapita kumidzi kukatola nkhani za pa wailesi. Mobile money ili momwemo, manambala onse ali momwemo. Tsiku lina m'njira ya kwa Mwase ndinagunda dzenje, kachogwirira kanatseguka, foni n'kugwa chafufumimba pa miyala. Mawu a amayi atatu amene anandidikira m'mawa wonse anathera pomwepo, ndipo kubwerera kukawapempha kuti alankhulenso kunandichititsa manyazi kuposa mtengo wa sikirini. A njinga zamoto amvenso: mu 2021 kampani ya Apple inachenjeza kuti kunjenjemera kwa injini ya njinga yamoto kungawononge kamera ya iPhone.

Komanso tinene zoona, ndani wa ife amasochera pakati pa Boma ndi kumudzi kwao? Mapu ambiri sadziwa n'komwe tinjira timene timadutsa, ndipo mayi wogulitsa tomato pa mphambano amakulozera bwino kuposa GPS. Chimene ambiri tikufuna ndi kudziwa makilomita amene tapalasa n'kuonetsa anzathu. Pa zimenezo Strava ikukwana: yatsani ponyamuka, ikani foni m'thumba la zipi, idzalemba ulendo wonse ngakhale kumene kulibe netiweki, n'kutumiza mukapeza bando.

Mnzanga uja ndinamuyankha kuti ndalama yanga ikupita ku matayala awiri, mabuleki ndi nyale yakumbuyo. Anandiseka kuti ndakalamba ndisanafike zaka 40.