Munagula Kamera ya Mamiliyoni Kuti Muzitiyeretsa?

Lowani pa Facebook Lamlungu lililonse m'mawa, muone zithunzi za maukwati ndi zinkhoswe za dzulo lake. Mkwatibwi mukumudziwa bwinobwino, munaphunzira naye, ndi msungwana wakuda wosalala, wa khungu lija limanyezimira lokha akangodzola Vaseline. Koma pachithunzipo wayera mbuu ngati wagwera m'thumba la ufa. Mkwati wasanduka wa mtundu wa Fanta. Ankhoswe mukuwazindikira chifukwa cha jekete lawo lija basi. Pakona pali dzina la wojambula m'zilembo zopotana, ndipo m'munsimo anthu akuombera m'manja: "Kamera imeneyi ndi moto!"

Ojambula anzanga, lero tikangane. Kwa zaka zambiri, munthu ukafunsa chifukwa chimene mumatiyeretsera chonchi, yankho limakhala lomweli: eti khungu lakuda limavuta pa kamera, ukapanda kuliyeretsako pa kompyuta nkhope sioneka. Ndatha milungu itatu ndi kamera yatsopano, ndipo chachikulu chomwe ndaona n'chakuti chowiringula chimenechi chinafa kalekale, changotsala n'kuchiika m'manda.

Ndinene kaye kuti ine sindidyera kujambula. Ndimajambula Loweruka ndi Lamlungu, abale kunyumba, ana akusewera mpira wachikulunga, asodzi ndikapita kunyanja. Kwa zaka zingapo ndakhala ndi Canon EOS 600D, kamera yomwe inatuluka mu 2011, ine n'kuigula yogwiritsidwapo kale ntchito. Tsopano ndili ndi Canon EOS R50 ya mu 2023. Akatswiri sangaitchule n'komwe pagulu, ndi ya oyamba kumene, ndipo mfundo yanga ili pomwepo: ngati kakamera ka ophunzira kakutha zimene ndinene apazi, nanga zanu zija mumazinyamula ndi manja awiri?

Zina zoyamba kuziona ndingodutsamo. Yakale ija inkalemera magalamu pafupifupi 570, iyi ndi 375, khosi layamba kupuma. Yakale inali ndi timadontho 9 tokha toloza pamene chithunzi chigwire bwino, ndipo mwana akathamanga umachita kumusaka nato. Iyi imapeza diso la munthu yokha n'kulikakamira ngakhale iye akuvina. Madzulo kukayamba mdima imapirira kuposa inzake. Malenzi anga akale akugwira ntchito, ndangoikapo kachitsulo kolumikizira. Batire lapadera ndilofunika, chifukwa makamera onse opanda galasi m'kati amadya moto nthawi yonse imene ayaka, ndipo kuno magetsi tikuwadziwa.

Nanga ma megapixel aja timakanganirana m'magulu a WhatsApp mpaka pakati pa usiku? Ndachoka pa 18 kufika pa 24. Pakamwa zikumveka ngati zambiri, koma m'lifupi mwa chithunzi ndi kuchoka pa timadontho 5,184 kufika pa 6,000 basi. Kenako chithunzicho uchiponya pa Instagram, pamene kwa zaka zambiri muyeso wake wakhala 1,080 m'lifupi. Chithunzi cha masentimita 10 kwa 15, chija timatsukitsa n'kuika mu alubamu, chimakwanira ndi ma megapixel awiri ndi pang'ono. Amene akukuuzani kuti mutenge katapila chifukwa cha ma megapixel sakukufunirani zabwino.

Chimene chasintha zinthu ndi kabowo koyang'anira kaja. Mu kamera yakale, ukaika diso pamenepo umaona dziko kudzera pa galasi, monga momwe maso ako akulionera. Chithunzi chenicheni umachiona utadina kale, ndipo pa dzuwa sikirini yakumbuyo sioneka bwino, ndiye umangokhulupirira kuti zatheka. Mu yatsopanoyi mulibe galasi, m'kabowomo muli kasikirini kamene kakuonetsa chithunzi chomwe chituluke usanadine. Ukapotoza kagudumu kowonjezera kuwala, nkhope ya munthu ikuwala iwe ukuona. Ukapyola muyeso, ukuona khungu likuyamba kutuwa, n'kubwerera. Tanthauzo lake n'lakuti wojambula wa lero amaona mtundu wa khungu la munthu asanajambule. Likatuluka lina, wachita kusankha.

Vuto lenileni, lomwe anthu amalinamizira khungu lathu, limayambira pa kachipangizo koyeza kuwala. Kachipangizoka sikadziwa kuti uyu ndi mkwatibwi, awa ndi apongozi. Kamatenga kuwala konse kumene kakuona n'kuyesa kukufikitsa pa mtundu wotuwa wapakatikati, umene ojambula amauwerengera pa 18 peresenti. Makamera atsopano amayesako kulabadira nkhope imene aipeza, komabe maganizo ake ndi omwewo. Ndiye taganizani mkwatibwi wavala diresi loyera, velo yoyera, kumbuyo kuli khoma la tchalitchi lopakidwa laimu. Kamera iona kuyera kochuluka, iganiza kuti kwawala kwambiri, ichepetsa kuwala, nkhope n'kumira mu mdima. Mukaijambulitsa munthu wakuda wovala suti yakuda pa khomo lamdima, ichita mosemphana: iwonjezera kuwala mpaka khungu lituwe ngati la munthu amene wasamba osadzola. Zonsezi mankhwala ake ndi chala chanu pa kagudumu kaja, masekondi awiri.

Onjezanipo dzuwa lathu. Malawi ali pakati pa madigiri 9 ndi 17 kumwera kwa equator, ndipo kuyambira Okutobala mpaka Febuluwale dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni. Nthawi imeneyo ndi yomwe anthu amatuluka m'tchalitchi, wojambula n'kuwandandalika pabwalo poyera. Maso alowa m'maenje amdima, chipumi ndi mphuno zikuphulika ndi kuwala, thukuta lili kamukamu. Palibe kamera, kaya ya ndalama zingati, imene ingakonze kuwala koipa chotere. Pamene mamita khumi okha kuchokera pamenepo pali mtengo wa mango, pali khonde. Imikani anthu m'mphepete mwa mthunzi nkhope zitayang'ana koyera, wina agwire nsalu yoyera kapena katoni womatidwa pepala lonyezimira kuti abwezere kuwala kumaso, muone. Khungu lakuda limakonda kuwala kofewa kochokera pamalo aakulu. Limakutenga n'kukuyala pa tsaya ndi pachipumi, nkhope n'kuumbika bwino. Pamenepo m'pamene mumaona kuti "wakuda" si mtundu umodzi: wina khungu lake limapita kofiirira, wina limapita kwa buluu, wina ngati nthaka ya katondo itanyowa. Ndajambula agogo anga pakhonde cha m'ma 4 koloko madzulo, ndipo sindinakhudze kalikonse pa kompyuta.

Chowiringula chija sichinangochokera m'malere, chili ndi mbiri yake, ndipo ndi bwino tiidziwe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, malo otsukira zithunzi zamitundu ankachunira makina awo pogwiritsa ntchito khadi lochokera ku kampani ya Kodak. Pakhadipo panali chithunzi cha mayi wachizungu, ndipo makhadiwo anatchuka ndi dzina loti Shirley. Khungu lake ndilo linali muyeso wa "chithunzi chabwino". Lorna Roth wa pa yunivesite ya Concordia ku Montreal, mu kafukufuku yemwe anasindikiza mu 2009, anafotokoza kuti ena mwa amene anakakamiza kuti filimu iyambe kuonetsa bwino mitundu yoderapo anali makampani a mipando ndi a chokoleti, amene ankadandaula kuti katundu wawo sakusiyanitsika pa zithunzi zotsatsa malonda. Tamvani bwino: matabwa ndi chokoleti zinamveka msanga kuposa anthu. Khadi lokhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana linadzabwera m'zaka za m'ma 1990.

Ndiye inde, makolo athu akanadandaula za filimu akanakhala ndi mfundo. Koma ife? Kampani ya Transsion, eni ake a Tecno, itel ndi Infinix, inalanda msika wa mafoni mu Africa muno mwa zina potsatsa kamera zochunidwira khungu lakuda. Google mu 2021 inatulutsa Pixel 6 ikudzitama ndi Real Tone pa nkhani yomweyi. Opanga zipangizo, kaya ndi chifukwa cha manyazi kaya ndalama, asuntha. Khadi la Shirley linachoka m'makina, koma ena mwa ife talisunga m'mutu, ndipo tikulipaka pa nkhope za abale athu ndi manja athu omwe.

Ndipo ngakhale m'masiku ovutawo, kunali anthu amene sanatiyeretse. Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali, anatsegula situdiyo yake mu 1948. Ankajambula pabwalo la nyumba yake ndi kuwala kwa dzuwa, nsalu yamaluwa itapachikidwa kumbuyo, ndipo kawirikawiri ankadina kamodzi kokha pa munthu aliyense chifukwa filimu inali yodula. Malick Sidibé, wa mumzinda womwewo, ankazungulira m'madansi a achinyamata m'zaka za m'ma 1960 ndi kamera ndi fulashi, ndipo mu 2007 analandira mphoto ya Golden Lion ku Venice. Zithunzi zawo ndi za black and white, koma fufuzani pa foni yanuyo muone mmene khungu likuonekera: lakuda, lakuya, lonyezimira, munthu ali yense ndi ulemu wake. Analibe kamera yopeza diso yokha. Ankadziwa poimika munthu ndi nthawi yodikira, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikudziwa zimene muyankhe. Choyamba: "Makasitomala ndi amene amafuna. Ukawapatsa chakuda amati sunaedite." Pali choona pamenepa, sindikana. Koma anawaphunzitsa ndani? Munthu amene zithunzi zonse zimene waona pa tsamba lanu n'zoyeretsedwa, adzapempha chiyani? Amene ankati "wandidetsa" nthawi zambiri ankadandaula chithunzi chamdima, chojambulidwa pa dzuwa la paliwombo, maso osaoneka. Ankafuna kuoneka. Inu m'malo mophunzira kuwala munamupatsa Ambi wa pa kompyuta. Kuwalitsa chithunzi ndi kusintha mtundu wa munthu ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo aliyense amene amatsegula Lightroom amadziwa kuti ndi timabatani tosiyana. Kasitomala akaumirira, chabwino, ndalama ndi zake, koma muonetseni kaye chenicheni chojambulidwa bwino. Ambiri sanapatsidwepo mwayi umenewo.

Chachiwiri: "Iwe ndi wongoseweretsa, sudyetsa ana ndi kamera." Zoona, amwene. Ndiye chifukwa chake ndikudabwa. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kamera, malenzi ndi mabatire zonse zimagulidwa ndi madola kapena marandi. Inu mwavutika, mwasunga, ena mwakongola ku banki m'khonde, mwagula chipangizo chimene ubwino wake waukulu ndi kusunga timitundu tating'onoting'ono ta mumthunzi, tija kamera zakale zinkataya. Kenako mukufika pa kompyuta n'kuthira preset imene munaitsitsa pa intaneti, yopangidwa ndi munthu wa kutali poyang'ana khungu la anthu a kwawo, n'kufafaniza zonse zimene munalipira. Ngati cholinga chinali chimenecho, fyuluta ya pa foni imachita zomwezo ulere.

Chachitatu, chimene chimanenedwa motsitsa mawu: "Koma woyera amaoneka bwino." Apa ndiye pagona nkhani, ndipo kamera ilibe mlandu. Amene mukuganiza choncho nenani poyera, tikangane za zimenezo, musabisale kumbuyo kwa sensa.

Chikundiwawa n'chakuti chithunzi chimakhala nthawi yaitali kuposa fashoni. Chithunzi cha ukwati chimapachikidwa pabalaza zaka makumi atatu. Mwana wamkazi wobadwa m'banjamo, wakuda ngati mayi ake, adzakula akuyang'ana khoma limenelo, n'kumaona kuti pa tsiku limene amayi anakongola kuposa masiku onse, anali oyera. Palibe adzamuuze kalikonse, adzaphunzira yekha. Ndipo tsiku lina chithunzi chomwecho n'chimene abale adzachifune kuti achiike pa pulogalamu ya maliro ndi patsogolo pa bokosi, anthu n'kumanong'onezana kumasiwa kuti koma malemuwa sanali chonchi. Mabanja ambiri kuno alibe zithunzi za agogo awo ali achinyamata, chifukwa kujambulitsa kunali kwa apo ndi apo. Ife ndife m'badwo woyamba umene ukusiya zithunzi zambirimbiri, ndipo tikusiya za anthu amene sanakhaleko.

Kwa inu ojambulitsa, musanalipire dipoziti funsani wojambula akuonetseni zithunzi za munthu wa khungu ngati lanu, ndipo mumuuze maso ndi maso kuti mukufuna mtundu wanu. Pa foni yanu, lowani mu kamera muzimitse kabatani ka "beauty" kaja, chifukwa m'mafoni ambiri kamabwera koyatsa kale. Kwa inu amene muli ndi kamera yakale ndipo mukudziona ochepa m'magulu muja, musathamangire ngongole. Jambulani RAW, phunzirani kagudumu ka kuwala, funani mthunzi. Yatsopano idzakufulumizitsani ntchito mukadzaipeza, ndipo ndikuvomereza kuti ikukoma m'manja, koma mtengo wa mango uli pomwepo kale.

Kwa inu akuluakulu a makamera a mamiliyoni, Loweruka likudzali muli ndi ukwati wina. Mudzaika diso pa kabowo kaja, ndipo kamera idzakuonetsani mkwatibwi monga momwe mayi ake anamuberekera. Mutibweretsere ameneyo.