Dzina la Pansi pa Mtsuko

M'zaka za m'ma 1950, malo omwera mowa a ku America anatengeka kwambiri ndi zisumbu za Polynesia. Malo ngati Don the Beachcomber ndi Trader Vic's, amene anayamba ku California m'zaka za m'ma 1930, anatchukitsa zikho za dongo zoumbidwa ngati tiki, mafano amene anthu a kuzisumbuko ankasema polemekeza makolo ndi milungu yawo. Mafakitale anaumbanso mabotolo a dongo osungiramo mowa okhala ndi nkhope zomwezo. Phindu linapita kwa eni mafakitale, osati kwa eni mafano.

Dera la Pretoria nalo lili ndi mbiri yotere. Ku Olifantsfontein, pakati pa Pretoria ndi Johannesburg, amayi awiri, Gladys Short ndi Marjorie Johnstone, anatsegula Ceramic Studio mu 1925 pamalo a fakitale ya njerwa ya Sir Thomas Cullinan. Pambuyo pake ziwiya za kumeneko zinatchedwa Linn Ware. Amisiri awiri a ku Latvia amene anagwirako ntchito pamalopo, Aleksanders Klopcanovs ndi Elma Vestman, anakayambitsa Kalahari Studio ku Johannesburg mu 1948. Iwo, pamodzi ndi a Drostdy Ware ku Grahamstown, ankakongoletsa mbale ndi mitsuko ndi zithunzi za anthu akuda komanso zojambula za m'mapanga za mtundu wa San. Kukongola kwake n'kosatsutsika, koma ojambulidwawo sanali ogula ake.

Masiku ano ziwiyazi zikufunidwanso, ndipo okongoletsa nyumba akutsanzira maonekedwe ake. Wogula wodziwa sayamba n'kusirira maluwa. Amatembenuza chiwiya kuti aone chizindikiro cha pansi, pakuti mtengo wagona pamenepo. Buku la Wendy Gers lotchedwa Scorched Earth, lomwe linatuluka mu 2016, linasonkhanitsa mbiri ya mafakitalewa ndi zizindikiro zawo.

Apa ndi pamene mayi woumba mbiya kumudzi amatsalira. Mtsuko wake ukhoza kukafika m'sitolo ya mumzinda, koma ukachoka m'manja mwake palibe amadziwa mudzi wake, ngakhale woufuna wina atafunsa. Alangizi a magulu a amayi amalimbikira nkhani ya nkhuni ndi misika, za dzina n'kuiwalika. Chonsecho kulemba sikulira ndalama: kamtengo kosongola kamakwana kulembera dzina la woumba ndi la mudzi pansi pa mtsuko, dongo lisanaume.