Za Kumunda ndi Kuthengo: Maluwa a M'phiri Nawonso Amalimbirana Njuchi

Abale anga alimi, amene mumakwera phiri la Domwe kukafuna bowa kapena nkhuni mukudziwa kuti maluwa a kumeneko satuluka onse nthawi imodzi. Ena amaoneka mvula ikangogwa, ena mvula ili mkati, ena dzuwa likuswa mtengo. Akusiyiranatu mpata, ndipo chimene akulimbirana ndi njuchi.

Maluwa ambiri sangabereke njere popanda mungu wochokera ku duwa lina la mtundu wake. Onyamula munguwo ndi njuchi, agulugufe, abemberezi ndi timbalame tamilomo italiitali. Malipiro awo ndi timadzi totsekemera ta m'duwa. Tsono pamwamba pa phiri ngati Domwe, lomwe lapitirira mamita 2,000, pamazizira, pali mphepo ndi nkhungu. Tizilombo touluka timachepa, ndipo timagwira ntchito maola ochepa. Minda yachuluka, aganyu achepa.

Mitundu iwiri ikachita maluwa pamodzi, vuto limakhala pawiri. Loyamba, njuchi zimathamangira kumene kuli timadzi tambiri, duwa linalo n'kufota popanda mlendo. Lachiwiri, njuchi yoyendera uku ndi uku imasakaniza mungu: wa duwa ili imakautaya pa duwa la mtundu wina kumene ulibe ntchito. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa.

Zimenezi adazipima ndithu. M'chaka cha 1978 katswiri wina, Nickolas Waser, adalemba zimene adapeza m'mapiri a Colorado ku America. Kumeneko kuli maluwa a mitundu iwiri, obiriwira ngati thambo ndi ofiira, amene amadalira kambalame kamodzimodzi koyamwa timadzi. Obiriwira amayamba, ofiira amatsatira. Maluwa amene adatuluka m'masiku amene mitundu yonse iwiri idali ndi maluwa adabereka njere zochepa. Choncho mbewu zochuluka zimachokera kwa amene atuluka pa nthawi yawoyawo, ndipo m'kupita kwa zaka mitunduyo imapitiriza kusiyirana nyengo. Maluwa ena amapewa mkangano mwa njira ina: ena ali ndi khosi lalitali loti ufikemo ndi mlomo wa mbalame wokha, ena amanunkhira usiku kuitana agulugufe a usiku.

Koma kusiyiranaku kulinso ndi ubwino wina. Chaka chotsatira, 1979, Waser ndi mnzake adaonetsa kuti maluwa oyambirira aja ndiwo amasunga timbalameto. Akalephera oyambirira, timbalame timachepa, otsatira nawonso amabereka pang'ono. Olimbirana omwewo ndi amenenso amadyetserana wantchito.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikulowera m'munda mwanu. Chimanga mungu wake umayenda ndi mphepo, koma dzungu ayi. Dzungu lili ndi duwa lalimuna ndi lalikazi padera, ndipo popanda kachilombo kolumikiza awiriwa kamwana ka dzungu kamangoyoyoka. Mapichesi a ku Tsangano ndi mpendadzuwa nazonso zimabereka bwino njuchi zikachuluka. Nanga njuchi imene idzagwire ntchito pa maungu anu mu Januwale idya chiyani mu Seputembala ndi Okutobala? Idya m'phiri, pa mitengo ndi zitsamba zimene zimachita maluwa m'chilimwe. Tikatentha phiri lonse posaka mbewa, tikadula mitengo yonse kuotcha makala, tachotsa chakudya cha miyezi imeneyo. Njuchi zimasamuka kapena kufa, ndipo zochepa zotsalazo zimalimbiranidwa ndi maluwa onse, a m'tchire ndi a m'munda momwe.

Tsono mafumu ndi anthu awo agwirizane malo a m'phiri osafika moto ndi nkhwangwa. Ofula uchi afule ndi utsi, osati kuwauwa njuchi ndi moto, ndipo asiyemo zisa zina. Opopera mankhwala pa tomato ndi nyemba apopere madzulo njuchi zitabwerera kwawo, osati m'mawa maluwa atatseguka.

Tionananso sabata yamawa, tidzakambe za kasamalidwe ka ming'oma ya njuchi nthawi ya mvula.