ZA M'MAIKO ENA: MSEU WA KU BULEMBU

Mwezi uno tikutengani kumka kumwera, ku mapiri a Makhonjwa, kumene dziko la South Africa lichita malire ndi la Eswatini.

Mseu uyambira pa mudzi wa Barberton, kumene anthu anapeza golide m'chaka cha 1884. Uchoka m'chigwa nukwera mokhotakhota, ndipo woyenda pa galimoto aona maphompho akuya, mapiri a udzu wobiriwira ndi mitambo yotsikira m'zigwa. Atapita makilomita monga 40 afika pa malire, natsikira ku Bulembu, patsinde pa Emlembe, phiri lalitali kupambana onse a m'Eswatini. Chigawo chotsatira, chomka ku Piggs Peak, chinatchuka ndi miyala, maenje ndi matope a dzinja.

Koma maso asathere pa kukongola kokha. Pa Bulembu panali mgodi wa Havelock, umene unatsegulidwa m'chaka cha 1939. M'menemo anali kukumba asibesito, ndiwo mwala wa ulusi wosapsa ndi moto, wopangira mapaipi ndi zofolera nyumba. Chingwe cha m'mwamba cha makilomita 20 chinali kunyamula katunduyo kudumpha mapiri kufikira ku Barberton. M'chaka cha 2001 mgodi unatsekedwa, anthu nabalalika, nyumba zambiri nizisanduka mabwinja. Chuma chinapita kutali, milu yotuwa ya zotsalira inakhala pomwepo.

Fumbi la mwala umenewu liri loipa ndithu. Lilowa m'mapapo, nilikhala chete zaka 20 kapena 30, pambuyo pake nilibala phuma, chifuwa chosatha, ngakhale khansa.

Nkhani iyi itikhudza ifenso, pakuti amuna ambiri a kwathu anakumba mwala womwewo ku Zvishavane ndi ku Mashava m'dziko la Zimbabwe. Ena anameza fumbi la migodi ya golide ku Joni, limenenso liononga mapapo.

Tsono ngati m'nyumba mwanu muli bambo kapena gogo wobwera ku migodi, amene atsokomola kosalekeza kapena achita befu pokwera kachitunda, musanene kuti ndi ukalamba chabe. Aperekezeni ku chipatala, ndipo auze dokotala dzina la mgodi ndi zaka zimene anagwirako ntchito. Ndiponso mukapeza zofolera zakale za asibesito, musaziswe, musazicheke, ndipo ana asasewere nazo.